Kodi ndilowe yuniyoni ya kusukulu ku Wisconsin? Yankho kwa achemwali a ku Milwaukee

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Milwaukee, m'chigawo cha Wisconsin ku America. Apempha kuti dzina ndisatchule. Ndaifupikitsa motere:

"Achimwene, ndayamba ntchito yothandizira mphunzitsi pa sukulu ya boma. Mnzanga wandipatsa fomu yoti ndilowe yuniyoni. Kumudzi ndinali wa TUM, bungwe la aphunzitsi, ndipo sindinkafunsa n'komwe. Koma alamu anga, amene akhala kuno zaka zoposa 20 ndipo ali ndi kampani yawo yamathiraki, akuti ndisayerekeze. Akuti mayuniyoni a ogwira ntchito m'boma ndiwo adagwetsa chuma cha Illinois, amateteza aphunzitsi aulesi, ndipo Scott Walker, gavanala wakale wa Wisconsin, adachita bwino kuwazula mano. Akunena zoona? Ndisayine kapena ndisiye?"

Zikomo achemwali. Ine ndikanakhala inu ndikanasayina. Koma alamu anu musawaone ngati munthu wongobwereza za pa wayilesi. M'mawu awo muli mfundo imodzi yolemera imene anthu a yuniyoni ambiri amaizemba, ndipo ndikufuna muimve kaye bwinobwino ndisanakuuzeni pamene ine ndi iwo tikusiyana.

Kwathu malipiro a mphunzitsi wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa amachokera pamodzi, ku Capital Hill. Kuno sizili choncho. Zigawo zilipo 50, chilichonse ndi gavanala wake, nyumba yake ya malamulo ndi misonkho yake, ndipo sukulu, apolisi, ndende ndi ozimitsa moto zili m'manja mwa zigawozo ndi mizinda yake. Boma la ku Washington limakongola mmene lafunira, koma chigawo sichisindikiza dola, ndipo pafupifupi zigawo zonse lamulo limazikakamiza kuti bajeti izikwanirana. Mamembala a yuniyoni nawonso ali komweko: mwa ogwira ntchito m'boma, pafupifupi mmodzi mwa atatu ali mu yuniyoni, pamene m'makampani ndi anthu 6 okha pa 100. Ndiye chifukwa chake ndewu imeneyi imamenyedwera ku Madison, ku Springfield, ku Sacramento, malikulu a zigawo za Wisconsin, Illinois ndi California. Oganiza ngati alamu anu amatchedwa ma conservative, anthu ofuna boma laling'ono ndi misonkho yochepa, ndipo ambiri amavotera chipani cha Republican.

Zoti ogwira ntchito m'boma ndi aulesi muziike kaye pambali. Phata la nkhani yawo lili pa kunenerera. Taganizirani kampani ya alamu anuyo. Madalaivala atamanga bungwe n'kufuna malipiro okwera, alamu anu anenerera molimba chifukwa ndalamayo ikutuluka m'thumba mwawo. Madalaivala nawonso adziwa polekezera, chifukwa akakoka kwambiri kampani igwa, ntchito n'kuthera pompo. Onse awiri ali ndi chotaya. M'boma, amene wakhala m'malo mwa bwana ndi wandale. Ndalama si yake. Kawirikawiri mpando umene wakhalapowo adamuthandiza kuupeza ndi yuniyoni yomweyo, ndi ndalama za kampeni komanso anthu ake oyenda khomo ndi khomo. Zisankho za komiti yoyendetsa sukulu ku Wisconsin zimachitika mu Epulo, ovota amakhala ochepa, ndipo gulu logwirizana la aphunzitsi ndi mabanja awo likhoza kulowetsa munthu wawo mosavuta. Zili ngati mwatuma mwana kumsika kukagula mbuzi, koma wogulitsa mbuziyo ndi amene amamulipirira fizi mwanayo. Mwini ndalama, wokhoma msonkho, watsala kunyumba. Ndipo sangati ndakwiya ndikagula kwina, chifukwa apolisi ndi ozimitsa moto a mumzinda wake ndi omwewo basi.

Maganizo amenewa sadayambe ndi Walker. Mu 1937 pulezidenti Franklin Roosevelt, yemweyo amene adasayina lamulo la 1935 lopatsa ogwira ntchito m'makampani ufulu wa mayuniyoni, adalemba kalata yonena kuti kunenerera kwa mtundu umenewo sikungawokeredwe m'ntchito za boma, popeza bwana wake ndi anthu onse a m'dziko. Ma conservative kalata imeneyi amaikonda kwambiri chifukwa mlembi wake anali wa chipani cha Democratic, bwenzi la anthu apantchito. Amakondanso kukumbutsa za Victor Gotbaum, mtsogoleri wa yuniyoni ya ogwira ntchito za mzinda wa New York m'zaka za m'ma 1970, amene adanena poyera kuti iwo ali ndi mphamvu yodzisankhira bwana wawo. Mu 1975 mzinda umenewo udatsala pang'ono kumira ndi ngongole. Chimene satchula kawirikawiri n'chakuti ndalama zina zimene zidaupulumutsa zidachokera m'matumba a penshoni a mayuniyoni omwewo.

Pamene mfundo yawo imaluma kwambiri ndi pa penshoni. Wandale akakweza malipiro lero, ayenera kupeza ndalama lero, ovota n'kuona msonkho ukukwera. Akalonjeza penshoni yonona, yolipira idzabwera patatha zaka 20 kapena 30, iye atachoka kalekale pampando. Yuniyoni yapeza chokauza mamembala, wandale wapeza mavoti, msonkho sunakwere, onse atuluka akumwetulira. Kwathu timati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zatembenuka: adya ndi akulu, m'mimba mukupota ana amene pa tsiku la mgwirizanowo anali asanabadwe.

Illinois, imene alamu anu atchula, ndi chitsanzo chowawa ndithu. Matumba asanu a penshoni a chigawochi akuperewera ndi madola pafupifupi 140 biliyoni. Chaka chilichonse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a bajeti limapita ku penshoni, ndalama imene ikanamanga makalasi kapena kutsitsa fizi ya m'mayunivesite. Amene adalembedwa ntchito 2011 isanafike, penshoni yawo imakwera ndi 3 peresenti chaka ndi chaka, yowonjezerayo n'kumaberekanso, moti pakatha zaka 24 imakhala itawirikiza kawiri, kaya zinthu pamsika zakwera kaya ayi. Malamulo aakulu a chigawochi, a mu 1970, amati penshoni ya wogwira ntchito m'boma siingachepetsedwe. Mu 2013 gavanala Pat Quinn, wa Democratic, adasayina lamulo lofuna kuchepetsako mtolowo. Mayuniyoni adathamangira kukhoti, ndipo mu 2015 bwalo lalikulu la chigawocho lidalikana lamulolo, oweruza onse mogwirizana. Ku California nako mu 1999, misika ya masheya ili pachimake, gavanala Gray Davis adasayina lamulo lolola apolisi a pamsewu kupuma ali ndi zaka 50 n'kumalandira mpaka 90 peresenti ya malipiro awo, anthu atauzidwa kuti sizidzafuna msonkho wowonjezera. Misika idagwa, msonkho udafunika. Munthu woyendetsa kampani yake ngati alamu anu, amene palibe adzamupatse penshoni yotero koma akulipirira ya ena, mkwiyo wake ine ndimaumvetsa.

Komatu funsani: dzenje la ku Illinois adakumba ndani? Mphunzitsi wa kumeneko amadulidwa 9 peresenti ya malipiro ake mwezi ndi mwezi, sadajombepo, ndipo salandira Social Security, penshoni ya dziko lonse imene anthu ambiri kuno amadalira. Amene ankajomba ndi boma. Mu 1994 gavanala Jim Edgar, wa Republican, adakhazikitsa ndondomeko ya zaka 50 yotsekera dzenjelo, koma zaka 15 zoyambirira boma n'kumaponyamo zochepa, zolemera kuzikankhira kwa odzabwera. Rod Blagojevich, wa Democratic, adadulanso zopereka za 2006 ndi 2007. Zipani zonse ziwiri zidapeza njira yokongola ndalama mwakachetechete kwa aphunzitsi ndi oyang'anira ndende. Mlandu wa mayuniyoni pamenepa ulipo: adalimbikira kukweza malonjezo, ndipo sadakuwe mokwanira pamene thumba linkadyedwa ndi anzawo a ndale. Koma kunena kuti iwo okha ndiwo adagwetsa chuma n'kusiya wakuba mbuzi n'kugwira mbusa.

Umboni wake uli pakhomo panu pomwepo. Thumba la penshoni la Wisconsin ndi limodzi mwa okwanira bwino kwambiri mu America monse, ndipo lidali choncho Walker asanakhale gavanala, mayuniyoni ali ndi mano awo onse. Chinsinsi chake n'chakuti zopereka zimalowa chaka chilichonse mosaphonya, komanso opuma ntchito amagawana nawo zabwino ndi zoipa za msika. Chuma chitagwa mu 2008, okalamba a ku Wisconsin adaona penshoni zawo zikutsika zaka zingapo motsatizana. Zigawo ziwiri zoyandikana, zonse za mayuniyoni amphamvu, china dzenje china nkhokwe.

Za aphunzitsi aulesi, mawu amenewo sindiwakonda, koma kuseri kwake kuli kanthu. Migwirizano yambiri inkati ntchito zikachepa, woyamba kuchoka ndi amene adabwera pomaliza, osayang'ana kaphunzitsidwe kake. Mu 2010 ku Milwaukee komweko mphunzitsi wina wachitsikana adalandira mphotho ya mphunzitsi watsopano wochita bwino, ndipo pasanapite nthawi adalandira kalata yomuchotsa chifukwa anali wongobwera kumene. Walker nkhani imeneyi adayenda nayo ponseponse. Ku New York kudali zipinda zimene aphunzitsi oganiziridwa milandu ankangokhalamo miyezi, ena zaka, akulandira malipiro, podikira kuti nkhani yawo imvedwe. Lamulo loti wamkulu pantchito atetezedwe lidabwera pa chifukwa chomveka, kuletsa ahedi kuchotsa munthu chifukwa cha chidani, mtundu, kapena chifukwa wakalamba ndipo malipiro ake akwera. Koma amene amalipira likagwiritsidwa ntchito mwakhungu ndi mwana wa m'dera losauka, amene makolo ake sangamusamutsire kusukulu yolipira. Ana amenewo ndi amene inuyo mukhala nawo m'kalasi.

Tsopano za Walker. Kuti mumumvetse muyambire ku Milwaukee County, boma la dera limene mukukhalalo. Mu 2002 kudaphulika nkhani yoti akuluakulu a kumeneko adadzikonzera penshoni yoti ena adzatuluke ndi ndalama ya nthawi imodzi yopitirira madola 1 miliyoni. Mkulu wa derali, Tom Ament, adatula pansi udindo anthu atakwiya, ndipo amene adalowa m'malo mwake anali Scott Walker. Zaka zisanu ndi zitatu adakhala akulimbana ndi mayuniyoni a m'deralo. Atapambana ugavanala mu Novembala 2010 adapeza bajeti ya zaka ziwiri ikuyembekezeka kuperewera ndi madola 3.6 biliyoni, ndipo mu Febuluwale 2011 adatulutsa bilu imene lero timaitcha Act 10.

Muyenera kudziwa kuti nthaka imene adachitirapo izi ndi yopatulika kwa anthu a yuniyoni. AFSCME, bungwe lalikulu la ogwira ntchito m'maboma a zigawo ndi mizinda, lidabadwira ku Madison m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1959 Wisconsin idakhala chigawo choyamba kulola ogwira ntchito m'mizinda kunenerera malipiro awo ngati gulu. Ine mu 2011 ndinkagwira ntchito ya usiku pa nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Madison, ndipo Loweruka lina nditaweruka ndidapita kukaona ndi maso anga zionetsero zotsutsa biluyo. Kuzizira kwake kolasa m'mafupa, koma anthu ali pikitipikiti kuzungulira nyumba ya malamulo, ena akugona mkati momwemo pansi, ng'oma zikulira usana ndi usiku, anthu a m'mayiko akutali akuimba foni kuwagulira pizza. Masiku ena chiwerengero chinkayandikira 100,000. Masenita 14 a Democratic adathawira ku Illinois kuti nyumba yawo isakwanitse anthu 20 ofunika povotera bilu ya zachuma. A Republican adachotsamo ndime za ndalama, n'kuvota okha, ndipo pa 11 Malichi Walker adasayina. Anthu oposa 900,000 adasayina zoti achotsedwe pampando, mwa njira yonga ija yochotsera phungu ya gawo 64 la malamulo aakulu a Malawi imene aphungu athu adafafaniza mu 1995. Chisankho chidachitika pa 5 Juni 2012, ndipo Walker adapambana ndi 53 peresenti. Alamu anu akamati anthu a ku Wisconsin adamuvomereza, pamenepo sakunama.

M'lamulomo muli zinthu za mitundu iwiri, ndipo nkhani yonse yagona pa kuzilekanitsa. Mtundu woyamba ndi wa ndalama. Ogwira ntchito adayamba kuponya okha pafupifupi madola 5.80 pa madola 100 aliwonse m'thumba la penshoni, pamene kale ambiri gawo lawolo ankawalipirira ndi bwana, komanso 12.6 peresenti ya inshuwalansi ya kuchipatala. Apa ine ndilibe nazo dandaulo lalikulu, ngakhale zidapweteka mabanja a malipiro ochepa. Ndalama zidapulumukadi. Madera ena a sukulu anali omangidwa ndi migwirizano yoti azigula inshuwalansi ku WEA Trust, kampani imene idakhazikitsidwa ndi yuniyoni ya aphunzitsi, ndipo atamasulidwa adakapeza yotsika mtengo kwina.

Mtundu wachiwiri ndi wa mphamvu. Yuniyoni idaletsedwa kunenerera china chilichonse kupatula malipiro oyambira, ndipo nawonso asakwere kuposa kukwera kwa mitengo ya zinthu pokhapokha anthu a m'deralo atavomereza pa riferendamu. Za maola, tchuthi, kuchuluka kwa ana m'kalasi, chitetezo pantchito, zonse zidachotsedwa. Bwana adaletsedwa kudula ndalama za umembala pa malipiro, ngakhale mwini wake atapempha. Ndipo chaka chilichonse yuniyoni iyenera kupambana chisankho chatsopano ndi 51 peresenti ya anthu onse a m'gululo, osati ya ovota okha, kutanthauza kuti wodwala, woyiwala, ndi amene wapita kumaliro, onse amawerengedwa ngati akana. Walker mwini wake mu 2010 adapeza 52 peresenti ya amene adavota, pa chisankho chimene pafupifupi theka la anthu lidakhala kunyumba. Muyeso umene adaikira aphunzitsi, iye sakanaukwanitsa.

Apa ndi pamene ine ndi alamu anu tasiyana njira. Zionetsero zili mkati, atsogoleri a mayuniyoni akuluakulu adalengeza kuti avomera kulipira za penshoni ndi za inshuwalansi zonse monga Walker adafunira, bola ufulu wonenerera utsale. Adakana. Mtsogoleri wa a Republican m'nyumba ya Senate, Scott Fitzgerald, adanena pa wayilesi ya kanema mu Malichi 2011 kuti akapambana nkhondoyi, ndalama za mayuniyoni n'kuuma, Barack Obama adzavutika kupambana ku Wisconsin. Pambuyo pake kudatuluka kanema wa mu Januwale 2011, Walker akuuza mayi wina wolemera womuthandiza pa ndale kuti njira yake ndi yogawanitsa kuti agonjetse, kuyambira ndi ogwira ntchito m'boma. Mu 2015 adasayinadi lamulo lofooketsa mayuniyoni a m'makampani. Mu 2010 anthu 14 pa 100 apantchito ku Wisconsin anali mu yuniyoni. Pofika 2015 adatsala pafupifupi 8. Yuniyoni yaikulu ya aphunzitsi idataya mamembala oposa theka. Munthu akakuuzani kuti vuto ndi ndalama, mwamupatsa ndalamazo iye n'kukana, ndiye kuti chimene amafuna n'china.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya apolisi. Act 10 sidakhudze apolisi a m'mizinda, ozimitsa moto ndi apolisi a pamsewu a chigawo. Walker adati ankaopa kuti akanyanyala ntchito chitetezo chisokonekera. Koma mabungwe a apolisi ndi ozimitsa moto a mumzinda wa Milwaukee, ndi la apolisi a pamsewu, anali atamuthandiza pa kampeni, pamene oyang'anira ndende ndi apolisi a m'mayunivesite, amene ntchito yawo ndi ya chitetezo chomwecho, lamulo lidawakantha. Tsono bwererani ku mfundo ija ya mwana wotumidwa kumsika. Ngati pali yuniyoni imene mfundoyo imaikwana ngati nsapato, ndi ya apolisi. M'mizinda yambiri ya America migwirizano yawo imalola kuti mbiri ya zolakwa za wapolisi ifufutidwe pakapita nthawi, kuti asafunsidwe msanga akawombera munthu, kuti wochotsedwa ntchito abwezeretsedwe ndi mkhalapakati. Derek Chauvin, amene adapha George Floyd ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, anali atadandaulidwapo koposa ka 15 ndipo anali akadali pantchito. Ku California yuniyoni ya oyang'anira ndende idaponya ndalama pa kampeni ya lamulo la 1994 lotsekera anthu zaka zambiri akalakwa kachitatu, lamulo lodzaza ndende zimene mamembala ake amadyerapo. Kwa ife akhungu lakuda amene tikulera ana aamuna m'dziko lino, izi timagona nazo m'mutu. Mphunzitsi wofooka amaononga chaka cha mwana; wapolisi woipa amene mgwirizano wamuteteza akhoza kutenga moyo wake. Koma khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo andale ambiri a Republican mkhate umenewu saukhudza.

Kumene adaukhudza adapsa. Chaka chomwecho cha 2011 ku Ohio gavanala John Kasich adasayina lamulo lofanana ndi la Walker koma lophatikiza apolisi ndi ozimitsa moto. Mu Novembala ovota adalikana pa riferendamu ndi mavoti oposa 60 peresenti. Ma conservative ena oona mtima, makamaka okonda ufulu wa munthu payekha, amavomereza kuti kusiya apolisi ndi tsankho, ndipo amenewo ndimawalemekeza. Tsankho lomwelo ndi limene lidabweza Act 10 kukhoti: mu Disembala 2024 woweruza Jacob Frost wa ku Dane County, dera limene kuli Madison, adagamula kuti mbali yaikulu ya lamuloli ndi yosemphana ndi malamulo aakulu a chigawo chifukwa idagawa ogwira ntchito za chitetezo popanda chifukwa chomveka. Chigamulocho chidaimitsidwa kaye podikira apilo.

Nanga m'kalasi zidasintha bwanji? Bajeti ya Walker yoyamba idadula pafupifupi madola 800 miliyoni pa thandizo la sukulu, n'kuuza madera kuti atseke mpatawo ndi zimene apulumutsa pa aphunzitsi. Mu 2011 aphunzitsi ambiri akale adapuma ntchito msanga. Madera adapeza ufulu wolipira mphunzitsi waluso kuposa anzake, ndipo katswiri wa zachuma Barbara Biasi adapeza kuti madera amene adachita zimenezi adakopadi aphunzitsi abwino. Iye yemweyo ndi mnzake adapezanso kuti malipiro atayamba kudalira kudzinenerera kwa munthu payekha, amayi adayamba kutsalira kumbuyo kwa abambo. Inu achemwali, mayi wobwera, wolankhula Chingerezi cha kalankhulidwe ka kwathu, woleredwa kuti pamaso pa bwana sakweza mawu, taganizirani amene amapindula pamene aliyense akulowa yekha mu ofesi ya ahedi kukapempha. Madera olemera nawonso adayamba kukoka aphunzitsi a m'madera akumidzi ndi osauka. Mu 2018 Walker adagonja kwa Tony Evers, amene anali mkulu wa zamaphunziro m'chigawo.

Palinso chigamulo chimodzi chimene muyenera kuchidziwa chifukwa chikukukhudzani ngakhale mutasamukira chigawo china. Kuyambira 1977 zinali zololedwa kuti wogwira ntchito m'boma amene wakana umembala azidulidwabe kangachepe kolipirira ntchito yomunenerera. Mark Janus, wogwira ntchito m'boma la Illinois, adati kumeneko n'kumukakamiza kulipirira zolankhula zimene sagwirizana nazo, popeza kunenerera ndi boma ndi ndale kale. Pa 27 Juni 2018 bwalo lalikulu la America lidamuvomereza, oweruza 5 kwa 4. Choncho palibe angakukakamizeni kulipira, ndipo palibe angakuchotseni ntchito chifukwa mwakana kapena mwalowa. Ine pa nkhani ya Janus mtima wanga umapendekera kwa iye pang'ono, chifukwa ndalama ya munthu kuitenga asakufuna si chinthu chopepuka, ndipo yuniyoni imene iyenera kupempha membala aliyense imaphunzira kumvetsera. Koma dziwani kuti zimene yuniyoni yapeza, okana kulipira amadya nawo. Ndi kudya pa dima osagwira khasu.

Chimene ndikanasayinira ine n'chakuti ntchito yanu ili pansi penipeni pa makwerero. Penshoni zonona zimene alamu anu akuwerenga m'nyuzi si za othandizira aphunzitsi, ophika ndi osesa. Mu Febuluwale 1968 ku Memphis amuna awiri akuda otola zinyalala, Echol Cole ndi Robert Walker, adaphwanyidwa ndi galimoto yonyamula zinyalala yowonongeka atabisalamo mvula. Anzawo oposa 1,000 adanyanyala ntchito kufuna kuti mzinda uvomereze yuniyoni yawo, ndipo Martin Luther King Jr. adaphedwa pa 4 Epulo atapita kukawathandiza. Bwana wawo anali boma, wosankhidwa ndi anthu, ndipo zimenezo sizidawateteze. Tsiku limene mwana adzakunamizirani kuti mwamukankha, kapena adzakusinthirani maola mwadzidzidzi, mudzafuna munthu wodziwa malamulo a pantchito woti alowe nanu mu ofesi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, makamaka chala cha mlendo.

Mukalowa, musakakhale chete. Pamsonkhano akamakambirana zoteteza munthu amene nonse mukudziwa kuti ana sakuwasamala, nenani. Akamayamikira lonjezo la wandale, funsani kuti ndalama yake ichokera kuti ndipo alipira ndani, chifukwa msonkho wa nyumba umene umayendetsa sukuluyo mukuulipira nanunso kudzera mu lendi. Mafunso a alamu anuwo ndi ofunika kuti azimveka mkati mwa yuniyoni, kuchokera pakamwa pa membala.

Musanasayine, funsani kuti ndalama ya pamwezi ndi zingati kwa munthu wa giredi yanu, chifukwa othandizira salipira zofanana ndi aphunzitsi, komanso kuti mukafuna kutuluka mumatani ndipo ndi nthawi iti ya chaka. Sitalaka ya ogwira ntchito m'boma ku Wisconsin ndi yoletsedwa, musaiyerekeze ndi za kumudzi. Mu 1974 aphunzitsi oposa 80 a ku Hortonville adachotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezo. Pa fomupo pakhoza kukhala malo ena apadera opempha ndalama ya thumba la ndale. Ngati simunakhale nzika ndiponso mulibe green card, chiphaso chokhalira mu America mokhazikika, pamenepo musachonge, lamulo la dziko limaletsa. Chisankho cha boma chilichonse, ngakhale cha komiti ya sukulu, musavote mpaka mutalumbira unzika. Koma chisankho cha chaka ndi chaka chotsimikizira yuniyoni ndi cha aliyense wa m'gulu lanu la ntchito, chimachitika chakumapeto kwa chaka pa foni kapena pa intaneti, ndipo malinga Act 10 ikugwirabe ntchito, mukaiwala tsikulo adzakuwerengani pamodzi ndi okana.